Ogona Mkati ndi Ogona Kunja

Minibasi inanyamuka pa siteji ya ku Kafue Estates n'kumusiya Tinenenji ali chiimire, thumba la mayunifomu a sukulu lili pamutu, mwana ali kudzanja. Kondakitala anali atakana katunduyo. Potsitsa thumbalo chingwe chinaduka, madiresi obiriwira n'kumwazika m'fumbi.

Mwamuna wina wovala ovolosi ya ku fakitale anagwada n'kuyamba kutola.

"Musadandaule, ba sisi. Fumbi ya mu Kafue siluma. Imakonda chabe kutsatila anthu okongola."

"Tolani chabe, osakamba vambili," anayankha Tinenenji, koma analephera kubisa kumwetulira.

Mwamunayo dzina lake anali Ferdinand, ndipo ankakonza makina pa fakitale ina ku Industrial Area. Tinenenji anali telala wa pamsika. Mwamuna wake anamwalira mwana wawo Jasmine asanayambe kuyenda, ndipo tsopano mtsikanayo anali mu giredi 2. Tsiku limenelo Ferdinand ananyamula thumba mpaka pa geti la sukulu, ndipo anabwerera ndi nambala ya foni.

Za miyezi yotsatira sinditaya nazo nthawi. Mameseji ankagwa m'mawa ndi madzulo.

"Wauka bwanji, mtima wanga? Ine tulo kulibe, ni iwe chabe."

"Switi wanga, nadya nshima ya mu kantini koma siimveka. Manja yako yananiononga!"

Tinenenji sanali mwana. Anafunsa molunjika za mkazi.

"Ninali naye ku Lusaka, koma tinasiyana kudala," anatero Ferdinand. "Manje nili neka monga mtengo wa malaiti. Ku Lusaka nimayenda pa Sabata kuona amai odwala, basi."

Ndipo analonjeza atagwira pachifuwa: "Mvula ikalibe kugwa, nizatuma mbale kwa amalume ako. Uzakhala mai wa nyumba yanga."

Lamulo la Tinenenji linali limodzi. Mpaka mbale za chikole zitafika kwa amalume ake, Jasmine azimutchula Ferdinand kuti ba ankolo. Mwana amene sanatchulepo munthu aliyense kuti dadi sapatsidwa mawu amenewo mwamasewera.

Mwezi wa Okutobala uli pafupi, Ferdinand anafika pamsika akuwala nkhope.

"Tine, kunchito anipasa mphatso ya wanchito wabwino! Ulendo wa banja ku paki ya masewela ija ya pa msewu wa Lusaka, kupitilila Shimabala. Tizagona mkati mwamene, mu tunyumba twa udzu twa alendo. Banja yanga ni ndani? Ni iwe na Jasmine!"

Anafotokoza zonse ngati munthu wogulitsa. Ogona mkati amalowa m'masewera m'mawa, geti lisanatsegulidwe kwa anthu akunja. Saima pamzere. Mwana akatopa masana amakagona pabedi, dzuwa likapepa n'kubwereranso. Kuli zotsetserekera m'madzi, tigalimoto togundana, ndi gudumu lalikulu lokweza anthu m'mwamba.

Jasmine anauza kalasi yonse. Tinenenji anamusokera kadiresi kachikasu pa nsalu yotsala.

Koma sabata ya ulendo itakwana, Ferdinand anabwera madzulo ena n'kukhala pampando osavula chipewa.

"Dalingi, naganiza bwino. Tigone kunja. Pali loji yabwino maningi pafupi na paki."

Tinenenji anaimitsa makina osokera. "Kunja? Nanga kanyumba ka mphatso?"

"Mkati muli chongo. Nyimbo na makina vilila mpaka usiku, mwana sangagone. Vakudya ni machipisi na soseji chabe, nshima kulibe, ndipo vodula. Ku loji kuli mbaula, uzaphika vamene ufuna. Kuli zii, tizakamba bwino."

"Ndimwe munakamba kuti ogona mkati saima pa laini. Ndimwe munakamba kuti mwana akalema apita kugona. Manje tizaima pa zuba, tizakwela basi kuyenda na kubwela, na mwana olema. Chasintha ni chani, ba Ferdinand?"

"Udzu uja uli na udzudzu."

"Udzudzu uli na kuno kwamene. Tili na neti."

Ferdinand anapukusa mutu ngati munthu wolakwiridwa. "Chabwino, nikuuze zoona. Ba manija akamba kuti tunyumba twazula, anipasa matiketi chabe. Ninachita nsoni kukuuza."

Kodi Tinenenji sanaone kuti zifukwa zachuluka? Anaona! Anatsegula pakamwa kuti afunsenso. Koma Ferdinand anali atagwada kale pamphasa pamene Jasmine ankalemba homuweki.

"Jasi, pa ulendo uyu sinifuna kumvela ati ankolo. Nalema nayo. Uzaniitana kuti dadi. Si mwamene, amake Jasi? Mbale zibwela mwezi uno."

Mwanayo anakweza maso kwa mayi ake. Maso amenewo anali akulu, odikira. Ndani akanakana?

"Chabwino," anatero Tinenenji motsitsa. "Tizagona kunja."

Anafika pa loji Lachisanu dzuwa likupendeka. Kunena zoona, malowo analibe vuto: chipinda choyera, mtengo wa mango pabwalo, mbaula ndi makala pakhonde. Kutali, kuseri kwa minda ya chimanga youma, nsonga ya gudumu inkaoneka. Jasmine anaiyang'ana osaphethira.

Foni ya Ferdinand inalira. Anakayankhira kuseri kwa mango, n'kubwera nkhope itagwa.

"Makina yafa kunchito. Anifuna usiku uno. Pepa, wapamtima! Mailo tikumane pa paki, imwe mukwele basi m'mawa."

Tinenenji anali atatenga nsomba zouma za mumtsinje wa Kafue, zimene Ferdinand ankazikonda. Anaphikabe, n'kuvundikira gawo lake m'mbale. Akudya ndi mwana, meseji inalowa: "Nili pakati pa makina koma mtima uli pa loji. Mpsompsone mwana wathu."

Mwana wathu! Tinenenji anawerenga mawuwo kawiri, n'kuiwala mafunso ake onse.

M'mawa minibasi inachedwa, ndipo atafika anapeza mzere wafika kumsewu. Dzuwa la Okutobala silinyengerera munthu. Jasmine anabisala mumthunzi wa mayi ake. Mkati nyimbo zinali zitayamba, gudumu likuzungulira, ana akukuwa m'mwamba.

"Mami, aja angena bwanji? Geti ikali yovala, sanatsegule."

"Ni aja ogona mkati."

"Nanga ise?"

"Ise ndise akunja. Limba, tizafika."

Pa geti anawamanga tizibangili ta pulasitiki pamkono. Ta alendo akunja tinali tachikasu. Mlonda anachenjeza kuti kakaduka ndiye kuti tiketi yatha, chifukwa sikamasuka popanda kudula.

Atangolowa anamuona Ferdinand ataima pafupi ndi ogulitsa ayisikilimu. Anali atavala shati ya manja aatali, mabatani otseka mpaka pamkono, kutentha konseko.

"Mwangena bwanji pamene ise tinali pa laini?" anafunsa Tinenenji.

"Mlonda wa ku geti ya kumbuyo ni mnzanga."

Jasmine sanadikire. Anathamanga manja ali m'mwamba. "Dadi! Dadi!"

Anali asanatchulepo mawu amenewo kwa munthu wamoyo. Tinenenji anatembenukira kumbali n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ferdinand anamunyamula mwanayo, koma maso ake ankayendayenda pamwamba pa mitu ya anthu.

Anawatengera kumapeto kwa paki, kwa tigalimoto togundana, iye n'kumaonerera ali kunja kwa mpanda. Kumadzi anakana kulowa, akuti chimfine. Foni ikalira ankaizimitsira m'thumba. Komabe Jasmine anaseka tsiku limenelo kuposa chaka chonse. Chilichonse chinali "Dadi, onani!" ndi "Dadi, gwilani nsapato zanga!"

Masana mwanayo anakakamira gudumu. "Na imwe dadi mukwele. Nili na mantha neka."

"Kwela na mami."

"Awe, tonse!"

Anamukoka dzanja mpaka pakhomo pa gudumu. Pamenepo panali mtsikana wa ntchito, wansangala, akutafuna chingamu.

"Manja m'mwamba, nione mabangili! Yelo, yelo. Nanga ba bosi?"

Ferdinand anaseka mouma. "Nili nayo, osavutika."

"Nifunika kuona, ni lamulo."

Anthu a kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Jasmine, pofuna kuthandiza, anakankhira m'mwamba mkono wa shati. Chibangili chinaonekera. Chinali cha buluu.

Mtsikana uja anamuyang'anitsitsa Ferdinand n'kuwomba m'manja.

"Aa, ndimwe! Mwabwelanso? Imwe a buluu simuima pa laini, ndimwe ogona mkati. Kamtsikana kanu kaja kanalila pamwamba m'mawa kaleka? Na ba madamu ananisekesa, kukuwa kuchila mwana!"

Kenaka maso ake anagwera pa chibangili chachikasu cha Tinenenji, ndi pa mwana amene anali atagwira dzanja la Ferdinand. Chingamu chinaima m'kamwa.

Tinenenji sanakuwe. Anatuluka pamzere, n'kuuza mwana wake kuti, "Jasmine, imilila apo pa mthunzi pamene nikuona. Osachoka."

Kenaka anatembenuka. "Munagona kuti, ba Ferdinand?"

"Tine, mvela..."

"Munagona kuti?"

"Mkati."

"Na ndani?"

Ferdinand anayang'ana pansi. "Na Olipa, mkazi wanga. Na mwana wathu Joy. Sininafune! Kunchito ananijambula polandila mphatso, m'bale wake anamuonesa chithunzi pa foni. Anabwela yeka na vikwama vake. Nenze kuchita bwanji?"

"Munakamba kuti munasiyana."

"Mu mtima tinasiyana kudala. Iwe ndiwe..."

"Ali kuti manje?"

"Mwana analema. Apita kugona ku kanyumba."

Tinenenji anatseka maso. Ndiye kuti pamene iye ndi Jasmine ankapsa ndi dzuwa pamzere, n'kumamva ana akukuwa m'mwamba, mmodzi wa anawo anali pamiyendo ya munthu yemweyu!

"Mtima wanga, nipase nthawi. Mbale nizatuma, nalumbila. Nikukonda, Tine. Nikukonda kuchila moyo wanga!"

"Kuninama ine, nili mkulu, nizapola," anatero Tinenenji, osakweza mawu. "Koma ninakufunsani chifukwa chake tigona kunja, ndipo imwe munasowa yankho. Munagwada pa mphasa yanga, munatenga mwana wanga wamasiye, munamuuza kuti akuitaneni dadi, kuti ine nileke kufunsa. Munamusewenzesa kuvala pakamwa panga. Icho sinizakukhululukilani."

"Tine..."

"Yendani. Mwana wanu akauka azafuna atate ake."

Ferdinand anatsitsa mkono wa shati n'kupita. Kwa Jasmine sanatsanzike.

Mwanayo anabwera akuthamanga. "Mami, dadi ayenda kuti? Sakwela?"

Apa Tinenenji akanatha kunama. Akanati aitanidwa kuntchito, mwana n'kumadikira pakhomo mwezi wonse. Anagwada, n'kumugwira mapewa.

"Mvela, Jasi. Aja si ba dadi ako. Ali na nyumba yawo na mwana wawo. Sazabwelanso kwathu."

"Nalakwa chani?"

"Iwe sunalakwe chilichonse. Ni ise akulu."

Misozi ya Jasmine inatsika mpaka pa kadiresi kachikasu. Mayi ake anamusiya alire. Atatopa anafunsa ndi mawu aang'ono, "Manje tiyenda ku nyumba?"

"Ufuna kuyenda?"

Mwanayo anayang'ana gudumu. "Nifuna kukwela. Koma nili na mantha."

"Na ine nili na mantha. Tiye."

Mtsikana wa ntchito uja anawatsegulira n'kuwamanga lamba mosamala. Gudumu linakwera pang'onopang'ono. Pamwamba mphepo inali yozizira. Kumwera kunkaoneka utsi wa mafakitale a ku Kafue, ndipo pansi pomwepo, mkati mwa mpanda wawo, panali tinyumba ta udzu tili pamzere. Tinenenji anaona mwamuna wa shati ya manja aatali akugogoda pa chitseko china. Mayi wina anatsegula, n'kumupatsa kapu ya madzi. Mayi ameneyo sankadziwa kanthu.

Foni inanjenjemera m'chikwama. Tinenenji sanaitulutse. Manja ake onse awiri anali atagwira mwana, amene anali atabisa nkhope pachifuwa pake.

"Tsegula maso, Jasi. Tafika kale pamwamba."

Mwanayo anatsegula diso limodzi, kenaka lachiwiri. Sanaseke, koma anayang'ana mpaka anatsika.

Jasmine anakhala milungu ingapo osafuna kupita kusukulu, poopa mafunso a anzake. Mpaka lero mwamuna akabwera pamsika kudzasoketsa buluku, mwanayo amalowa pansi pa tebulo la makina.

Tsono inu anyamata amene mukuwerenga, ngati muli ndi nyumba kale, nenani pa siteji pomwepo, thumba lisananyamulidwe. Ndipo inu atsikana olera nokha ana, munthu akasintha mawu mwadzidzidzi, malizani funso lanu ngakhale atagwada. Pitani mukaone kumene amapita pa Sabata mwana wanu asanaphunzire kumuitana. Chonde, chitani bwino kuposa apa.