Njovu ya Inki

Effie ankakonda kujambula. Koma ankachita manyazi. Ankajambula mobisa, kuseri kwa chitseko.

Bambo ake, a Brandt, ankajambula zithunzi za m'nyuzipepala ku New York. Ankajambula pa kathabwa kosalala. Kathabwako nkamene ankadindira chithunzi.

Chisankho chinali pafupi. Zipani ziwiri zinkapikisana. Bambo anajambula mtsogoleri wa chipani chachikulu.

"Effie, usakhudze," anatero Bambo. "Kathabwa nkomweka. A Whitlock abwera masana ano. Akapanda kupeza chithunzi, ntchito yanga yatha."

A Whitlock anali mwini nyuzipepala. Sankaseka.

Bambo anapita kukagula buledi. Effie anasendera pafupi. Ankangofuna kuona basi. Chigongono chake chinagunda botolo la inki.

Khuthu!

Inki inaphimba nkhope yonse. Ina inayenderera mmunsi.

Effie anapukuta. Banga linakula. Anapukutanso. Linakulanso.

Effie anayang'anitsitsa. Banga lalikulu, ngati mutu. Mzere wautali, ngati chitamba. Anatenga burashi ya Bambo. Anajambula khutu. Anajambula khutu lina. Anajambula minyanga iwiri.

Chitseko chinatseguka. Bambo analowa. Pambuyo pawo panali a Whitlock.

"Brandt, chithunzi changa chili kuti? Fulumira!"

Bambo anayang'ana kathabwa. Buledi anagwa pansi.



"Ndine, ababa," ananong'ona Effie. "Ndataya inki. Pepani."

A Whitlock anavala magalasi. Anayang'ana. Anayang'ananso. Njovu itavala jekete la mtsogoleri!

"Chachikulu," anatero a Whitlock. "Cholemera. Chikaponda, pansi pamagwedezeka." Masharubu awo anayamba kuvina. "Ndi chipani chija chenicheni! Ngakhale wosatha kuwerenga amva!"

A Whitlock anaseka. Anaseka mpaka misozi.

"Nanga chipani chinacho, mtsikana iwe? Uchijambula bwanji?"

Mumsewu, bulu wa wogulitsa mkaka analira. Mwini wake anamukoka. Anakana. Anamukankha. Anakananso.

Effie analoza pawindo.

"Makani ake omwewo!" anatero a Whitlock. Ananyamula kathabwa napita.

Bambo anatola buledi. Effie anaweramitsa mutu. Ankadikira kukalipiridwa.

Bambo anakoka mpando wawo. Anamukhazika Effie. Anamupatsa burashi.

"Kuseri kwa chitseko kuli mdima, mwanawe," anatero. "Bulu uja umujambulire pano."