Ola Limene Bambo Anamukhululukira

Nyumba ya wokonza mawotchi inali yaing'ono, koma ya mtendere. Pabalaza panali thebulo, makina osokera a mayi pakona, ndi wotchi yabelu yosweka galasi imene mwini wake sanabwerenso kudzaitenga. Wotchi imeneyi ndiyo inkalamulira ana aakazi awiri a m'nyumbamo. Akaweruka kusukulu n'kudya, mayi ankaitchera kuti ilire pakatha ola limodzi, ndipo palibe ankadzuka pa mabuku belu lisanalire.

Wamkulu anali womva mochedwa. Ankawerenga chala chili pamzere, milomo ikugwedera. Koma wamng'onoyo, eee, mutu wake unali wina! Mphunzitsi akanena kamodzi, basi chalowa. Bambo ake anamutcha Dokotala asanaguluke n'komwe mano, ndipo iyenso sankalota china koma kudzaphunzira udokotala.

Tsiku lina, atakhala woyamba m'kalasi kachitatu, anakankha buku wotchi itangotcheredwa.

"Ababa, ine zonsezi ndikuzidziwa kale. Ndikhalirenji pano ngati ndalakwa?"

Bambo anachotsa kagalasi kawo ka pa diso n'kuseka. "Akunena zoona. Ola limeneli ndi mankhwala a odwala. Wabwinobwino amamwa mankhwala? Pita ukasewere, Dokotala wanga."

Mayi anaimitsa makina. "Bambo a ana, sindimukhazika kuti adziwe za lero ayi. Ndikufuna azolowere kukhala pansi ndi buku. M'mera mpoyamba."

"Inu, musiyeni mwana. Nzeru anatengera kwa ine uyu."

Dokotala anatuluka akudumpha, n'kumugwedezera mkulu wake lilime pawindo. Kalanga ine, akanadziwa chimene analandira tsiku limenelo!

Zaka za ku pulayimale zinadutsa mokoma. Ku sekondale mabuku ananenepa, ndipo aphunzitsi anayamba kunena mawu amene iye ankadana nawo: "Zotsalazo mukawerenge nokha." Akatsegula buku, tsamba loyamba linkapita bwino. Lachiwiri ludzu linkamugwira. Lachitatu ankakumbukira kuti zikhadabo zakula. Anatsika kuchoka pa nambala wani kufika pa khumi, kenako anasiya kuonetsa lipoti kunyumba.

"Mwanawe, khala pansi," ankatero mayi. "Ngakhale theka la ola."

"Amayi, mayeso ali kutali. Ine ndikangoona kamodzi, basi."

Mayeso omaliza atatsala milungu iwiri, anaona kamodzi ndipo sichinalowe. Anaona kachiwiri, zilembo zinkangosambira m'maso. Mantha anamugwira, pakuti khomo la sukulu ya udokotala linali mayeso amenewa basi.

Mnzake wokhala naye desiki limodzi, amene onse ankangomutcha Shasha, anamupeza akulira kuseri kwa kalasi.

"Iwe, misozi imakhoza mayeso? Anzako timalowa ndi likasa." Anamuonetsa tipepala todzaza ndi tizilembo ting'onoting'ono ngati nyerere. "Vuto ndi pobisa, amasecha mpaka m'masokosi. Koma iwe si kwanu kuli makina? Sokerera mumpendero wa siketi, usiye kampata kolowetsa zala."

"Nanga akandigwira?"

"Amagwidwa ndi opusa. Iwe si Dokotala?"

Loweruka mayi atapita kukagula ulusi, Dokotala anakhala pamakina kuti asokerere tipepala mumpendero wa siketi yake. Kusoka nakonso sanakuphunzire, poti kunkafuna kukhala pansi. Anathamangitsa singano, mzere unakhota, ndipo sanamange mfundo kumapeto.

Mayi posita siketiyo anaima. "Mpendero uwu sindinasoke ine. Bwanji ukulemera?"

"Unasosoka, ndangokonza. Bweretsani, ndisita ndekha." Anailanda msangamsanga.

Mayi anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, kulephera si imfa, chaka chamawa chilipo. Koma manyazi a wakuba satsukika. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu."

Iye anangotseka chitseko cha kuchipinda.

M'holo ya mayeso munali zii. Oyang'anira anamusecha pakhomo, sanapeze kanthu, ndipo mtima unakhala m'malo. Pakati pa mayeso anatsitsa dzanja, n'kulowetsa zala mumpendero muja. Atakoka kapepala kamodzi, ulusi wonse unatsatira. Tipepala tinamwazika pansi mpaka pa nsapato za woyang'anira.

"Imirira, mtsikana."

Ana oposa zana anatembenuka. Shasha yekha anaweramira pepala lake ngati sakumudziwa. Mayeso onse a Dokotala anafafanizidwa, ndipo anamuletsa kulembanso mpaka patapita nthawi.

Kunyumba palibe anamumenya. Bwenzi zili bwino akanamumenya! Mayi ankangosoka osayankhula, bambo anasiya kumutchula pamaso pa makasitomala awo. Mkulu wake uja, wa chala pamzere, anali atatsala pang'ono kumaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo anamutumizira mabuku ake onse akale.

Nthawi yoletsedwayo itatha, bambo anavala jekete m'mawa kuti akamulembetsenso mayeso. Anamupeza pakhonde, mabuku ali m'katoni momwe anabwerera.

"Tiye, tisachedwe."

"Ababa, musavutike."

"Mutu uli nawo iwe! Ukangowerenga miyezi ingapo..."

"Ndayesa, ababa. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyesa inu mukapita kuntchito. Onani." Anatulutsa buku limodzi, lachiwiri, lachitatu. Lililonse linali lopindidwa pa tsamba lachinayi kapena lachisanu, kutsogolo konse kuli mbee. "Ndikakhala pansi, miyendo imayabwa, mutu umathawa. Ndimafuna ndithu, koma sindidziwa mmene anthu amachitira. Achemwali anaphunzira kuwerenga. Ine ndinangophunzira kukhoza, ndipo kwatha."

Bambo anayang'ana masamba opindidwawo. Munthu amene ankatha kukhala tsiku lonse akuweramira kawaya kochepa ngati tsitsi anazindikira kuti luso lokhala pansi limenelo ndi lokhalo limene mwana wake ankafunika, ndipo ndi iye mwini amene anamumana. Anavula jekete, n'kukhala pa sitepe, misozi ili chuchuchu.

"Ndinakuwononga ndine, mwana wanga."

"Inenso amayi ankandiuza," anatero iye chapansipansi.

Sanalembenso mayeso. Lero amalongedza mabotolo m'makatoni ku fakitale ina, ataimirira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo akadutsa pa chipatala amayang'ana kumbali.

Makolo, mverani: mwana wanzeru ndiye woyenera kumukhazika pansi msanga, chifukwa nzeru zachibadwa zimamufikitsa pakati pa njira n'kumusiya pomwepo. Ndipo iwe mwana amene ukukhoza osawerenga, usanyade. Chizolowezi chimene ukuchikana uli wamng'ono udzachifuna ndi misozi utakula, ndipo sudzachipeza.