Usiku Umene Sisita Roselyn Anagogoda ku Motchale

Nkhani iyi anandiuza ndi Rabeka Chalo, namwino wa mumpingo mwathu ku Rimuka, kuno ku Kadoma. Ndikuilemba monga anainenera. Pamene iye anakhala chete, inenso sindiwonjezerapo.

Munali mu Disembala 2008, kolera itavuta ku Chegutu. Anamwino ambiri anali atasiya ntchito, ndiye Rabeka anamutumiza kukathandiza pa chipatala china kumeneko. Madzulo a tsikulo anatsika kombi monga masiku onse, sadza lozizira, nsima ya kuno, lili m'chikwama. Magetsi kunalibe. M'tenti ya anthu a kolera munali odwala pafupifupi makumi anayi, koma anamwino awiri okha: iyeyo ndi Sisita Roselyn, amene ankayang'anira ntchito ya usiku.

Sisita Roselyn sanamuitanepo Rabeka ndi dzina lake. Ankangoti "muBhurandaya", mawu amene amatinyozera nawo ife amene makolo athu anachokera ku Malawi. Zidebe za masanzi zinali za Rabeka. Wina akalakwitsa, wokalipiridwa pamaso pa odwala anali Rabeka.

"Ndinkangopirira, mayi," anandiuza. "Ana awiri, bambo awo ntchito inawathera ku fakitale ya nsalu. Ndikanalowera kuti?"

Pa bedi la kumapeto panali a Jobu, nkhalamba yaitali imene inathamangitsidwa pa famu ku Muzvezve nthawi yolanda mafamu. Analibe wachibale. Ankalankhula Chichewa chokha.

"Wekwenyu uyo," anatero Sisita m'Chishona. "Wa kwanu ameneyo. Usamale wekha."

Cha m'ma teni koloko galimoto inabweretsa mlamu wa bwana wina, nayenso akudwala kolera. Madiripi anali atatha. Sisita anapita pa bedi la a Jobu n'kuzula diripi imene inali pamkono pawo.

"Sisita, agogowa atifera."

"Alibe kwawo, alibe chitupa. Adzawafunsa ndani?"

Rabeka anayesa kuwamwetsa madzi a mchere ndi shuga ndi supuni. Onse ankabwerera. Isanakwane thwelofu, a Jobu anasiya kupuma.

Sisita anakhala pansi pafupi ndi kandulo, n'kutsegula buku la malipoti. Analemba kuti Rabeka anaiwala kusintha diripi, ndipo wodwala wafa chifukwa cha kusasamala kwake. Atamaliza anamuwerengera mokweza, pang'onopang'ono.

"Mawa m'mawa a metironi awerenga. Uyambe kufunsa kumene amaoda tomato."

Anamwino a kumeneko ali ndi kachitidwe kawo. Munthu akamwalira amamusiya pa bedi ola lathunthu. Popita naye ku motchale amakankha tirole anthu awiri, ndipo pakhomo lililonse mmodzi amamuuza kuti, "Bambo, tikutuluka," kapena, "Bambo, tafika." Amati ukapanda kutero, munthuyo sadziwa kumene wamusiya.

Sisita ankafuna bedilo. Anauza Rabeka kuti akatule mtembo yekha.

"Ola silinakwane, Sisita. Akadali ofunda."

"Wayambanso kukana ntchito? Nazonso ndilemba."

Anamukakamiza kuti akweze limodzi mtembo pa tirole. Kenako Sisita anapana buku lija m'khwapa, kuopa kuti Rabeka angang'ambe tsamba, n'kukankha tirole yekha. Sananene mawu aliwonse kwa a Jobu. Gudumu limodzi linkalira. Linalira mpaka kuseri kwa chipatala, kenako zii.

Theka la ola linatha. Sisita osabwera.

Rabeka anali kutawasa mwana wina. Atadzutsa mutu anaona munthu wamtali ataima pakhomo pa tenti, pafupi ndi chidebe cha madzi akumwa, atafunda bulangete la chipatala. Nkhope sinkaoneka. Mapazi anali opanda nsapato.

"Mwana wanga," anatero munthuyo m'Chichewa, "andisiya kuti?"

Rabeka anayang'ana pa bedi la kumapeto. Panali pulasitiki yokha. Pobweza maso, pakhomo panalibe munthu.

Kenako kugogoda kunayamba. Gu, gu, gu. Kunkachokera kuseri.

Anatenga kandulo n'kutuluka. Mvula inali itangokata kumene. Motchale kanali kachipinda kopanda zenera, chitseko chake chachitsulo, mpiringidzo wake wakunja. Mpiringidzowo unali wotseka. Mlonda anali kutali, ku geti.

"Rabeka! Rabeka!"

Kanali koyamba kumva dzina lake pakamwa pa Sisita. Mawu a Chishona anatsatizana, olamula, kenako otukwana. Mwadzidzidzi anasintha.

"Achemwali, nditsegulireni. Ndapota nanu. Akundigwira mkono."

Chinali Chichewa. Chichewa chenicheni cha m'komboni, chopanda kupunthwa.

Rabeka anaika dzanja pa mpiringidzo. M'katimo anamvanso mawu ena, aamuna, otsika, ofunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza. Anaganiza za ana ake. Anaganiza za tsamba lija, kuti mpiringidzo ukangotseguka lituluka, kukacha lili pa tebulo la a metironi.

"Unali wopepuka, mayi," anandiuza. "Chala chimodzi chikanakwanira."

Anachotsa dzanja. Anabwerera ku tenti. Usiku wonse anatawasa odwala, kuwamwetsa, kutaya zidebe. Kugogoda kunapitirira mpaka cha m'ma folo koloko m'bandakucha. Mayi wina wodwala anafunsa kuti kukuchitika chiyani. Rabeka anamuyankha kuti ndi lata lomwe likuwombedwa ndi mphepo.

Kutacha mlonda anatsegula. Anapeza Sisita Roselyn atakhala pansi pakona, maso ali tong'o, m'kamwa muli mapepala. Tsamba la usiku umenewo anali atalitafuna lonse. A Jobu anali pa tirole, ofunditsidwa bwinobwino, ozizira. Mlondayo analumbira kuti kumapazi kwawo kunali matope.

A metironi anamuyamika Rabeka chifukwa chosamala anthu makumi anayi yekha. Ntchito yake akugwirabe mpaka lero.

Sisita Roselyn sanabwererenso pantchito. Ku Chegutu amanong'onezana kuti anabadwira m'komboni ya pa famu, ndipo anasintha dzina popita ku sukulu ya unamwino. Ena amati a Jobu anamuzindikira tsiku limene anawagoneka, n'chifukwa chake sankafika pa bedi lawo. Ine sindikudziwa. Chimene onse amavomereza n'chakuti kuyambira m'mawa umenewo salankhulanso Chishona kapena Chizungu. Amalankhula Chichewa chokha, ndipo mwamuna wake ndi ana ake sachimva.

Patatha miyezi itatu mwamunayo anabwera ku Rimuka, n'kugwada pakhonde pa Rabeka, chipewa chili m'manja. Anati mkazi wake amanena mawu amodzimodzi usana ndi usiku, akukanda chitseko cha kuchipinda. Anapempha kuti Rabeka apite akangomvetsera, awauze chimene akufuna.

Ndinamufunsa Rabeka kuti anawayankha bwanji.

"Ndinawapatsa madzi akumwa," anatero, akusalaza siketi yake pamaondo. "Kenako ndinawauza kuti pepani baba, ine ndinabadwira konkuno. Chichewa ndinaiwala."

Ndinamugwira dzanja kuti tipemphere. Ndinapempherera a Jobu, ndinapempherera Rabeka ndi ana ake. Nditatchula dzina la Roselyn, Rabeka anachotsa dzanja lake m'dzanja langa.