Khala Lomwe Muirenn Anabisa

Muirenn anapita kwa Ruadán wosula zitsulo kukanoletsa chikwakwa cha bambo ake. Chikwakwa anabwera nacho, mtima anausiya komweko.

"Iwe wa tsitsi ngati lawi, ukandiyang'ana choncho chitsulo chimasungunuka chokha," anatero mnyamatayo.

"Bodza! Mumawauza onse zomwezo."

"Onse ati? Ndili ndi iwe basi, duwa langa."

Nyengo yozizira isanathe, Ruadán anamupatsa khala lamoto m'kambiya. "Uwu ndi mtima wanga. Likamayakabe, ine ndine wako." Muirenn ankaliwonjezera tinkhuni tsiku ndi tsiku kuseri kwa khola.

Linafika tsiku la Bealtaine, pomwe moto wonse umazimitsidwa kuti wansembe ayatse watsopano paphiri, woyeretsa anthu ndi ng'ombe zawo. Amayi a Muirenn anathira madzi pamafuwa. Muirenn anagwada pa kambiya kaja. Mtima wa munthu ungauzimitse bwanji? Anangokavundikira ndi phale.

Paphiri, Ruadán ndi anzake anapekesa nkhuni mpaka manja kutuluka matuza. Utsi wokhawokha, lawi ayi!

"Wina wasunga moto wakale," anatero wansembe. "Kafufuzeni nyumba ndi nyumba."

Sanachedwe. Amuna anabwera ndi kambiya kaja n'kukaika pakati pa anthu, akutchula khola lomwe anakapeza kuseri kwake. Bambo a Muirenn anazolika. Mtsikanayo anangolakalaka nthaka itang'ambika.

"Mwanawe, watichita zotani?" amayi ake ananong'ona.

"Anandipatsa ndi Ruadán. Ruadán, tawauzeni zomwe munandilonjeza!"

Mnyamatayo anapukuta thukuta, maso ali kwa Eithne, mwana wa mwini ng'ombe zambiri, yemwe anaima wavala maluwa achikasu kumutu.

"Ine? Aliyense wodzapala moto kwanga ndimamupatsa khala. Zinazo wangolota yekha. Lero ndilumpha moto ndi Eithne posonyeza chitomero chathu, mudzi wonse ukudziwa."

Mudzi wonse, kupatula iye yekha!

"Taonani mlonda wa chikondi!" mkazi wina anakuwa, anthu n'kufa nazo nseko.

Muirenn anatenga mtsuko m'manja mwa wansembe n'kuthira madzi yekha. Khala linalira pang'ono, kenako zii. Anyamata atapekesanso, lawi linabuka, ndipo anakoleza milu iwiri ya nkhuni. Anthu anafuula mokondwa. Palibe anaima pafupi ndi Muirenn.

"Udutse pakati pa moto pamodzi ndi ng'ombe," wansembe analamula. "Zakale zipsere pomwepo."

Analowa m'mbuyo mwa ng'ombe yomaliza, mapazi akuponda ndowe, nkhope ikutentha. Mu utsimo anamva Ruadán akuseka, anthu akuwombera m'manja awiri olumphawo. Akatulukira kuti? Akayang'ana ndani?

Kenako dzanja lolimba linamugwira pachigongono. Anali amayi ake, akutsokomola ndi utsi, misozi ili mbwee.

"Dzutsa mutu, Muirenn. Tiye, titulukire limodzi."