Anagwira Ya Ntambwe ndi Manja

Linali Loweruka madzulo, ndikusenda chinangwa pakhonde, pamene bambo aang'ono, a Kibambe, anafika pa njinga yamoto yobwereka. Bambo anga tinali titawaika Lachiwiri. Kumanda tinalipo anthu asanu ndi anayi okha. A Kibambe panalibe.

"Ebondo, mwana wanga, wadya?"

"Kumanda simunabwere. Lero mwakumbuka mimba yanga?"

"Mwendo umandivuta."

"Wachira msanga."

Maso awo anali pa kanyumba ka kuseri. M'menemo mumakhala Ya Ntambwe, nkishi ya mudzi wathu, chosema chofika m'chiuno mwa munthu, nkhope ya mkuwa, nyanga pamutu, mankhwala m'mimba. Bambo anamusunga zaka makumi atatu. Mwezi watsopano ukaoneka ankamudzoza mafuta a kanjedza, amuna awiri n'kumuyendetsa khomo ndi khomo kupirikitsa zoipa. Sagwiridwa ndi manja. Ali ndi mitengo yake iwiri yomangirira m'khwapa. Ngakhale mwana woyamwa amadziwa zimenezo kwathu.

Azimayi angati anapeza mimba atagwada pakhomo limenelo? Lero ana omwewo ndiwo amati bambo anali mfiti. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma kusayamika ndimakuwerenga bwinobwino.

"Tamvera iwe," anatero a Kibambe. "Wosunga akafa, chinthu chija chimafanso. Ndi chikuni basi. Ku tauni ya Kabinda kuli munthu amagula zoterezi n'kutumiza kwa azungu."

"Mkulu wanu sanathe ndi sabata m'dothi."

"Ndiye uchisunga ndiwe? Iwe amene ndi mbuzi yomwe inakuthawa?"

Anaseka, n'kuliza njinga. Kumadzulo kamwezi kanali katatuluka, kowonda ngati chikhadabo. Palibe anaimba ng'oma. Palibe anazimitsa moto monga mwa mwambo. Ndinagona mtima ukutentha.

Chinandidzutsa ndi phokoso la mtengo pa mtengo. Go. Go.

Sikunali pachitseko changa. Ndinatuluka. Kanyumba kaja kanali pululu, Ya Ntambwe mulibe. Koma mitengo yake iwiri inali itatsamira pakhoma. Mphepo kunalibe. Inkagundana yokha.

Ndinazindikira. Bambo aang'ono aja amunyamula ndi manja.

Ndinaika mitengoyo pamapewa, wina uku wina uku. Nsonga zakumbuyo zinkakwekwereza pansi. Ndinaponda kawiri, katatu. Kenako zinadzuka. Kulemera kunachepa ngati wina wandilandira.

Kumbuyo kwanga kunali kupuma. Kupuma kwa kaliwu m'chifuwa, komwe ndinakumva miyezi itatu ndikudwazika.

"Bambo?"

Mitengo inandikankha kutsogolo. Sindinacheuke.

Tinafika pa nyumba ya a Mulenda, aphunzitsi a kwaya. Mitengo inandikhotetsa, inagunda chitseko. Go. Go. Tinapita pa nyumba ya Mayi Ngongo. Go. Go. Pa nyumba ya nkhalamba imene inandithandiza kukumba manda tinangodutsa. Apo ndinamvetsa, ndipo ndinayamba kuseka, misozi ikutsika. Khomo lililonse limene linathawa maliro linagogodedwa. Ndinkamva zitseko zikutseguka, mapazi akutilondola. Ngakhale agalu anali zii.

Tinatsika njira ya kumanda kum'mawa kukuyera.

Njinga inali gone m'udzu. A Kibambe anali pa manda a bambo, atakumbatira Ya Ntambwe pachifuwa, akuzungulira mtumbira. Mapazi awo anali atakumba kanjira. Malaya anali atanyowa ndi mafuta. Nkishi yomwe sinadzozedwe chidwalireni bambo inkachucha mpaka m'zigongono zawo.

"Mukupita kuti, bambo aang'ono?"

"Ku Kabinda," anayankha osandiona. "Njinga inazima. Msewu watalika lero."

"Mwatsala pang'ono. Limbikirani."

Wina kumbuyo anaseka, n'kudzigwira pakamwa. A Kibambe anaima. Anaona mtumbira. Anaona mudzi wonse utawazungulira.

"Ebondo! Ndilandire! Manja sakutseguka!"

"Chikuni chimagwira munthu?"

"Mwana wanga, chonde, mikono yafa!"

"Munthu ali apayu simunamulire. Lirani."

"Pamaso pa anthu onsewa?"

"Iwonso sanalire. Muyambitse ndinu, ndinu m'bale wake."

Anagwada ndi katundu wawo. Poyamba kunali kung'ung'udza chabe. Kenako anatchula dzina la mkulu wawo, Mudimbi, Mudimbi mwana wa mayi anga, ndipo mawu anasweka zenizeni. Mayi Ngongo analandira. Azimayi ena anatsatira. A Mulenda, ndi mawu awo akwaya, anabuma kuposa onse. Ine ndinaima chilili. Zanga ndinalira kale.

Dzuwa litatuluka mitengo inagwa kumbuyo kwanga, n'kulemeranso. Ndinaimangirira m'khwapa mwa Ya Ntambwe. Chingwe chomaliza chitangolimba, manja a Kibambe anagwa ngati nsanza. Amuna anayamba kulimbirana kuti anyamule ndani. Ndinasankha ndekha, ndipo ndinawayendetsa dzuwa lili phwee, khomo ndi khomo, mpaka kumubwezera m'kanyumba kake.

Masiku ano amanong'onezana kuchitsime. Ena amati a Kibambe anali ataledzera, anangosokera. Ena amati nkishi sinafe chifukwa wosunga wake sanachoke. Dzulo Mayi Ngongo anandibweretsera chigwada, n'kukhala patali, maso pansi.

"Usiku uja munali awiri," anatero. "Wakumbuyo ndinamupatsa moni. Anangondiyang'ana, osayankha."

"Akanayankha bwanji, mayi? Munali musanapepese maliro."