Chogogoda Pansi pa Minibasi

Mdima unali utagwira kale pamene Anti anatulutsa minibasi yawo pagalaja. Dzina la Anti anawapatsa ndi ana asukulu omwe ankawanyamula m'mawa uliwonse, ndipo linakanirira moti ngakhale amuna awo ankawaitana choncho. Tsikulo makanika anawaikira zitsulo zatsopano kumatayala akutsogolo, mashoko ndi mabushi. Magetsi anathima ntchito ili mkati, ndiye anaimalizira ataluma tochi.

"Mukamva kaphokoso musade nkhawa, mayi," anatero makanika akupukuta manja. "Zatsopano zili ngati nsapato, zimayamba zaluma kaye."

Pa phula minibasi inkayenda myaa, Anti mpaka kuyimba kanyimbo. Koma atangokhotera mumsewu wokumbikakumbika wotsetserekera kumlatho, tayala linagwera m'kadzenje.

Gu!

Anatseka wailesi n'kutchera khutu. Posalala, zii. Anaponda buleki, zii. Pa bampu, gu! Pokhota, gu-gu! Mtima wawo unapita kwa ana a eni ake, aja amakhala kutsogolo miyendo ili lendelende. Anaima m'mbali mwa msewu.

Anayamba ndi zapafupi. Anatulutsa jeke ndi sipanala pansi pa mpando, anatola mabotolo omwe ana anaiwala, poganiza kuti mwina n'zomwe zikugubuduka. Anayesa manati a matayala, onse anali gwa. Anakanikiza ngodya ya minibasi ndi thupi lonse n'kuisiya. Inadzuka bwinobwino, osalira. Anagwada m'fumbi n'kuunika pansi, koma zitsulo zonse zinkangonyezimira mofanana, zatsopano, zosalakwa. Anaimbira makanika, foni yake yozima. Amuna awo anali ku ntchito ya usiku komwe mafoni amasiya pageti.

Podzuka anapeza munthu ataima kutsogolo kwa minibasi.

Anali bambo wovala jekete, mutu ataupendeketsa ngati wolowedwa madzi m'khutu. Nsapato zake zinkachucha, chonsecho mvula inali isanagwe mwezi wonsewo. Sanapereke moni.

"Bwerezani bampu ija, ndimve."

Anti anati n'chidakwa. Analumphira mkati, anakhoma zitseko zonse, n'kuliza injini. Atayang'ana kutsogolo, munthu uja panalibe. Anapumira m'mwamba n'kunyamuka.

Gu!

"Pang'onopang'ono, mayi..."

Mawuwo anachokera pampando wakumbuyo kwawo! Fungo la matope a mumtsinje linadzaza minibasi. Anti anafuna kuponda buleki. Mwendo unakana. Pagalasi anangoona phewa lonyowa, ndi mutu wopendekeka uja ukutsika, kutsika, mpaka khutu kugunda pansi.

Gu... gu...

"Khotetsani pang'ono."

Manja awo anakhotetsa okha.

Gu-gu!

Kumbuyoko kunamveka kuusa moyo kwa munthu wotopa kwambiri.

"Si phokoso limeneli," anatero munthu uja. "Lanuli lili kumanzere, pansi. Langa silimalira choncho. Langa munalimvapo, mayi? Likulira pati?"

Anti anangopukusa mutu, misozi ili chuchuchu. Mlatho unkayandikira. Msewu unkatsetsereka. Chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja.

"Anandiuza kuti zizolowera," anatero mawu aja, tsopano pafupi ndi khosi lawo, ozizira. "Musawoloke nayo."

Injini inazima. Nyali zinathima. Minibasi inaima yokha, mphuno itatsala pang'ono kukwera pamlatho.

Anti sanadziwe kuti chitseko anachitsegula bwanji. Anangozindikira ali pamlatho akuyenda wapansi, chikwama atachisiya, nsapato imodzi itavuka. Kwawo kunali kutsidya, ndipo njira ina kunalibe. Anayamba kuwoloka. Pansi madzi ankalira mumdima.

Gu...

Kumbuyo kwawo. Pachitsulo cha m'mbali mwa mlatho.

Anafulumira. Nacho chogogodacho chinafulumira. Gu... gu... gu... Anaima, chinaima. Anayesa kupemphera, mawu onse anabalalika, kutsala "Ambuye" yekha.

"Kapena ndi ili?" anafunsa mawu aja. "Tamvetserani, mayi. Chonde. Ndi ili?"

Sikunali kuopseza ayi. Kunali kupempha, ndipo n'kumene kunawatha mphamvu.

"Sindikudziwa, bambo!" analira Anti osacheuka. "Ine sindikudziwa!"

Kugogoda kuja kunaleka.

Atatsika pamlatho sanamvenso kanthu. Anafika kunyumba akukwawa ndi mpanda, ndipo mng'ono wawo, yemwe ankakhala nawo, anawatsegulira n'kuwafunda bulangete osafunsa zambiri. Kunja kusanayere Anti anaimbira makolo onse kuti lero ana apeze njira ina. Ena anadandaula, wina anatukwana. Anti anangoti pepani.

Dzuwa litakwera anabwerera kumlatho ndi mkulu wina wa galimoto yokoka zinzake zikafa, bambo waimvi wosakonda kuyankhula. Minibasi inali pomwe inaima, chitseko chili pululu. Mkuluyo anaikweza pa jeke, anagwira tayala lakumanzere pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza. Linagwedera ngati dzino la mwana. Anapisa dzanja kuseri, ndipo nati yogwira mkono wa tayala inamugwera m'chikhatho asanaikhudze n'sipanala yomwe.

"Makanika sanaimange, anangoiveka," anatero. "Minibasi ikakhala yolendewera pa jeke kapena mukaikanikiza itaima, siilira. Imadikira bampu. Mukanakwera nayo apa, tayala likanapinda." Anayang'ana kumtsinje, kenako kwa Anti. "Mwadziwa bwanji kuti muime?"

Anti anafotokoza zonse, akuyembekeza kusekedwa. Mkuluyo sanaseke. Anakhala pa tayala la sipeya n'kuvula chipewa.

"Wa jekete? Ameneyo ndinamuvuula ndine, mayi. Nthawi imeneyo mwana wanga woyamba anali kumsana, pano ali ndi ana ake. Anali mphunzitsi. Anaikitsa zitsulo zatsopano pa kagalimoto kake, kanayamba kugogoda. Anabwerera kugalaja kangapo, ankangomuuza kuti zizolowera. Tsiku limenelo anasiya mkazi ndi ana kunyumba, akuti akayendetse yekha kuti amvetsetse pomwe pakulira. Tinamupeza m'mawa pansi apo."

Mphepo inadutsa pamlatho. Anti anakhala pansi m'fumbi momwemo.

"Nanga chinkagogodacho anachipeza?"

"Akanachipeza ndani? Galimoto inatuluka m'madzi ngati chitini chopondedwa. Panalibe chitsulo chomwe chinali pamalo pake."

"Ndiye azifunsabe mpaka liti?"

Mkuluyo anavala chipewa chake. Anakoka tcheni n'kukoleka kumphuno kwa minibasi.