Nambala ya a Makiyi

Nkhani ya mafoni ija ndikaikumbukira mtima umachita kuwira mpaka lero.

Ndinkagwira ntchito yolandira alendo pa ofesi ina yogulitsa zipangizo zomangira. Mafoni a m'madesiki onse khumi ndi awiri ankathera m'kachipinda ka kuseri kwa mpando wanga. M'menemo munali kabokosi kotuwa ka tinyanga tinayi, ndipo m'kati mwake munali masimukhadi anayi. Munthu akaimbira foni ya m'manja ali padesiki pake, kabokosiko kankasankha simu imene ili phee n'kutulutsira foniyo pamenepo. Woimbiridwayo sankaona nambala ya ofesi, ankaona ya simuyo. Ndiye akabweza foni, inkalira kwa ndani? Kwa ine! Tsiku lonse: "Mwandiimbira ndinu?" Anthu khumi ndi awiri, ine ndidziwe bwanji?

Simu yachitatu itafa, abwana anazengereza kugula ina. A Makiyi, bambo wosunga katundu amene ankayenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno, anasolola ya m'foni mwawo.

"Ikani iyi, masiku awiri okha."

Masiku awiri anasanduka chaka. A Makiyi anadzigulira simu ina, tonse tinaiwala. Kenako a Makiyi anamwalira. Anakomoka m'basi madzulo ena akupita kwawo, osadzukanso. Simu yawo inatsala m'kabokosi muja ikugwirabe ntchito.

Patatha milungu itatu, mlamu wawo analowa mu ofesi ali thukuta kamukamu.

"Mchemwali wanga akulira mwamuna wake, inu mukumuseweretsa! Tsiku lililonse hafu sikisi madzulo nambala yakale ya malemu ikumuimbira. Akayankha, kuli zii. Ndi nkhanza zanji zimenezi?"

Ofesi tinkatseka faifi. Wotuluka pomaliza ndinali ine, poti makiyi anagwera m'manja mwanga ndipo ndinkadikira kuti wosesa amalize. Abwana anangondiyang'ana.

"Bwana, tingochotsa simuyo," ndinatero.

"Tichotse umboni? Ndikufuna woimbayo. Zikapezeka kuti ndi inu, mpando uwo upeza mwini wina."

Zaka zisanu ndi zinayi ndili pampando umenewo, ana awiri ndikulera ndekha. Ndikaimbire mayi wamasiye n'kungokhala chete kuti ndipindule chiyani? Koma bwana akaganiza zake, mungalankhule mpaka malovu kuuma.

Lachinayi anaitana Wamawaya, amene anatiikira kabokosi kaja. Anabwera ndi laputopu, akutafuna chingamu ngati ng'ombe. Anthu onse ataweruka tinakhoma chitseko, tinatsala awiri. Iye anazungulira madesiki onse, anasuzumira ngakhale kuchimbudzi. Munalibe munthu.

"Inu khalani pamalo panu," anatero. "Foni musaikhudze."

Ndinakhala, manja ndinawakhalira. Chitseko cha kachipinda chinali chotsekula. Timagetsi tinayi ta kabokosi tinkaphethira mobiriwira, kalikonse panthawi yake. Kunja kunayamba kuda. Phokoso la magalimoto linachepa. Wamawaya ankayasamula, ine ndinkangoganiza za ana anga amene anali asanadye.

"Mayi, makina sanama," anatero. "Munthu akaimba, amalemba desiki yake. Za mizimu n'za anthu osadziwa mawaya."

Hafu sikisi inakwana. Kagetsi kachitatu kanasiya kuphethira, kanangoyaka.

Wamawaya anasiya kutafuna. Anayang'ana laputopu, anayang'ana ine.

"Foni ikutuluka."

"Kuchokera kuti?"

"Desiki nambala wani."

Desiki nambala wani inali yanga. Foni inali patsogolo pangapo, chomvera chili pamalo pake. Koma kachingwe kake kopotana kaja kankagwedezeka pang'onopang'ono. Mawindo anali otseka, fani inali yozima. Kenako pafupi ndi phewa langa, pamene munthu amaima akatsamira desiki, ndinamva makiyi akulira. Anga anali m'chikwama pansi.

"Ayankha," Wamawaya ananong'ona. "Uko ayankha."

Mantha analipo, inde. Koma chimene chinandigwira kwambiri ndi mkwiyo.

"A Makiyi!" ndinakuwa. "Ngati ndinu, chonde, mukundiphera ntchito! Madesiki onsewa simunawaone?"

Makiyi aja anasiya kulira. Wamawaya anathamangira m'kachipinda, anazula simu yachitatu, kagetsi kanazima. Tinatuluka tikupanikizana pachitseko. Laputopu anaiiwala patebulo, anadzaitenga m'mawa.

M'mawamo ndinafika mtima uli m'malo. Mboni ndinali nayo. Abwana anatiitana tonse awiri.

"Mwapeza chiyani?"

"Makina akuti desiki nambala wani, bwana," anatero Wamawaya.

Ndinadikira kuti apitirize. Anangoyang'ana nsapato zake.

"Iwe! Manja anga sunawaone? Sindinawakhalire?"

"Ine ndimayang'ana laputopu, mayi."

Titatuluka ndinamugwira malaya pakhonde. Anandiyankha motsitsa mawu: "Ndilembe kuti mzukwa? Adzandiitananso ndani kukonza mafoni?"

Kalata yondichotsa ntchito ndinalandira masana omwewo. Anzanga anayamba kunong'onezana ndisanamalize n'kulongedza komwe. Ena ankati ndinali pachibwenzi ndi malemu. Wosesa ankati katundu wa munthu wakufa sagwiritsidwa ntchito asanabwezedwe kwa eni, ndipo ofesi yonse inalakwa. Abwana anandiponyera simu ija mu envulopu kuti ndikapereke ndekha, ndikapepesenso.

Pali chimene sindinauze abwana, ngakhale Wamawaya. Masiku onse a moyo wawo pa ofesi paja, a Makiyi akamaliza kutseka mosungira katundu ankatsamira desiki yanga n'kuimbira akazi awo. Mawu amodzi okha: "Ndanyamuka." Lamulo linkaletsa mafoni a kunyumba, koma ndinkawalola. Tsiku limene anamwalira, abwana anali atandikalipira m'mawa, ndipo a Makiyi atatambasula dzanja ndinaphimba foni. "Lero ayi, imbani yanu." Yawo inali itazima. Anangoseka n'kutuluka. Tinali awiri okha, ndipo sindinauzepo munthu.

Tsiku lomwelo mayi wamasiye ndinawapeza atakhala pakhonde, foni ili pamiyendo. Ndinagwada, ndinapereka envulopu, ndinayamba kupepesa za mlandu umene sindinapalamule. Anandidula.

"Achimwene anga ndi amene anakadandaula, ine ayi. Ndinawauza kuti kumakhala zii kuti asandiyese wamisala. Bambo amalankhula."

"Amati chiyani?" ndinafunsa.

"Amati anyamuka. Ine ndimati muyende bwino. Dzulo ndiye anatalikitsa pang'ono, koma foni inaduka ali pakati."

Anatsekula envulopu, anakutumulira kasimu kaja m'dzanja mwawo, anakayang'ana nthawi yaitali.

"Amandiuza kuti tsiku lija munawamana foni, mwana wanga. Akuti sanakwiye. Nanga dzulo mwawamaniranjinso?"

Ndinafuna kunena kuti amene anazula simu ndi Wamawaya. Koma amene anakalipira a Makiyi ndinali ine.